Mudzi wonse ukanena shahada, umatsala ndi ndani?

Dzanja_Lamanja
Asalamu alaikum abale ndi alongo. Pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Masiku ano pa foni pamabwera makanema a anthu a mitundu yokhala kutali, kunkhalango, kumapiri kapena pa zilumba, ataima pamzere chala chili m'mwamba, akutsatira shehe kunena shahada, mawu olowera Chisilamu. Pansi pake amalemba kuti mudzi wonse walowa Chisilamu, kenako nambala yotumizirako thandizo. Ine ndimasangalala ndipo ndimapereka. Koma kanema wa mudzi womwewo patapita chaka sindinamuonepo. Amawaswalitsa ndani? Wina akamwalira kumeneko amamusambitsa ndani, janaza (swala ya maliro) amaswalitsa ndani? Ana awo akuphunzira kwa yani? Amene mukudziwa mmene da'wah (ntchito yoitanira anthu ku Chisilamu) imayendera kumadera otere, tithandizeni.

Abu_Sumayya
Wa alaikum salaam achimwene. Kuongola ndi kwa Allah. Pa Qur'an 28:56 ngakhale Mtumiki Muhammad akuuzidwa kuti sangaongole amene wamukonda. Yathu ndi kufikitsa uthenga basi. Zotsalazo zili pakati pa munthuyo ndi Mbuye wake.

Wolowa_Kumene
A Abu_Sumayya, mawu amenewo ndi amene amatipweteka ife. Ine sindinabadwire m'Chisilamu. Tsiku limene ndinanena shahada mzikiti wonse unafuula takbir (Allahu Akbar), anthu kundikumbatira, ena mpaka misozi. Eid yoyamba itafika, titatsiriza swala aliyense analowera kwa abale ake. Ine ndinabwerera kunyumba kumene panalibe wondilankhula chifukwa cha chisankho changacho. Komatu ine mzikiti ndinali nawo pafupi, mabuku analipo, kuwerenga ndimatha. Nanga munthu wa kumudzi kosafika galimoto, woti Qur'an kulibe m'chilankhulo chake, woti pabanja lonse ndi yekha? Mukamusiya choncho mukuti atani?

Abu_Sumayya
Pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani. Koma tileke kuitanira anthu chifukwa aphunzitsi ndi ochepa? Bola munthu afe atanena shahada.

Mwalimu_Wakale
Ana anga, palibe akunena kuti tileke. Koma tiyeni tione mmene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankachitira, pakuti nkhani ya anthu okhala kutali olowa kumene si yachilendo.

Mu 621 amuna 12 a ku Yathrib (Madina) anamulonjeza chikhulupiriro pa Aqaba, pafupi ndi Makka. Sanawatsanzike nkuwasiya apite okha. Anawapatsa Mus'ab ibn Umair, mnyamata amene anakulira m'chuma ku Makka, kuti akakhale nawo. Mus'ab anafikira m'nyumba ya As'ad ibn Zurara, nkumayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa Qur'an. Atsogoleri monga Usayd ibn Hudayr ndi Sa'd ibn Mu'adh analowa kudzera mwa iye. Chaka chotsatira amene anabwera ku Aqaba anaposa 70. Mphunzitsi anali mmodzi, koma anali wogonera komweko.

Potumiza Mu'adh ibn Jabal ku Yemen anamupatsa ndondomeko. Ayambe ndi umodzi wa Allah. Akavomera zimenezo, awauze za swala zisanu. Akavomera, awauze za zakaat, yotengedwa kwa olemera awo nkubwezedwa kwa osauka awo. Muonetsetse pamenepo: olemera awo, osauka awo. Kuyambira pachiyambi cholinga chinali choti anthuwo aime paokha, asakhale oyembekezera Madina.

Ndipo Malik ibn al-Huwayrith akusimba kuti iye ndi anyamata anzake anakhala kwa Mtumiki masiku 20. Ataona kuti apukwa kwawo anawauza kuti abwerere kwa abale awo, akakhale nawo ndi kuwaphunzitsa, mmodzi azichita adhana (kuitanira swala), wamkulu aziswalitsa. Zonsezi ndi da'wah. Kunenetsa shahada ndi khomo chabe la ntchitoyo.

Ukhti_Nuru
A Mwalimu, zikomo. Koma ndionjezere chimene amuna mumaiwala kawirikawiri. Magulu opita kumidziyi amakhala amuna okhaokha. Mayi amene walowa kumene ali ndi mafunso a kumwezi, a kusamba kwa twahara, a masiku a uchembere. Angafunse mnyamata wachilendo wa ndevu amene sanamuonepo? Safunsa, amangokhala. Ndipo maliro a mkazi amasambitsidwa ndi akazi. Ngati pamudzipo palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anaphunzitsidwa, tsiku la maliro achibale amachita mmene amadziwira, ndipo simungawadzudzule.

Wolowa_Kumene
Achemwali mwalasa. Pamaliro ndi pamene munthu amaona ngati alidi ndi abale atsopano.

Mwerengi_Wausiku
Ndipereke chitsanzo cha kumene aphunzitsi anakhaladi, koma mavuto ena anabwerabe. Ku Chiapas, kummwera kwa Mexico, mu 1994 kunabuka kuukira kwa a Zapatista. Pasanapite nthawi Asilamu ochokera ku Spain, a gulu la Murabitun, anafika mu mzinda wa San Cristóbal de las Casas. Ambiri amene analandira uthenga wawo anali a mtundu wa Tzotzil, amene ndi nthambi ya Amaya. Ochuluka anali ochokera m'mabanja amene anathamangitsidwa ku San Juan Chamula kuyambira m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cholowa mipingo ya Chiprotestanti, nkukakhala m'mphepete mwa mzinda. Ndiye kuti anali anthu odziwa kale kuwawa kosintha chipembedzo.

Anthu a ku Spain aja sanali ongodutsa. Anamanga, anatsegula sukulu ndi malo ogwirirapo ntchito zamanja, ena mwa olowawo anapita nawo mpaka ku Hajj. Komabe patapita zaka gulu linagawanika. A Tzotzil ambiri anatuluka nkukayambitsa mizikiti yawo, akudandaula kuti zonse zinkagamulidwa ndi alendo ndiponso kuti ankafunsidwa kusiya makhalidwe a mtundu wawo amene sakutsutsana ndi Chisilamu. Lero kumeneko kuli magulu angapo ang'onoang'ono, onse pamodzi anthu mazana angapo, ndipo amayi amaswali atavala masiketi a ubweya a mtundu wawo ndi mpango kumutu. Chimene ndikuona ine nchakuti kukhala nawo nkofunika, koma mphunzitsi azidziwanso nthawi yopereka mpando kwa eni mudzi.

Abu_Sumayya
Ndiye tiziwasiya ndi miyambo yawo yonse? Ina mwa iyo ndi shirk yeniyeni, kumuphatikiza Allah ndi zina pomupembedza. Tikayamba kunyengerera, mawa tidzapeza Chisilamu chosakanikirana ndi mizimu.

Mwalimu_Wakale
Shirk ndi shirk, palibe akuiteteza. Koma mphunzitsi amene sadziwa kusiyanitsa chipembedzo ndi chikhalidwe cha kumene iye anakulira amawononga zambiri. Chilankhulo, kavalidwe kobisa thupi, mamangidwe a nyumba, ulemu kwa akuluakulu, kuthandizana pa ntchito, zonsezi ma ulama amaziika m'gulu la urf, kutanthauza chikhalidwe cha anthu, ndipo zimakhala zololedwa pokhapokha zitatsutsana ndi lamulo lomveka. Qur'an 49:13 ikuti Allah ndiye anatipanga mitundu ndi mafuko kuti tidziwane.

Tengani nkhani ya mayina. Bilal ndi Suhayb, anzake a Mtumiki, anakhalabe ndi mayina awo atalowa Chisilamu. Mtumiki ankasintha dzina pokhapokha tanthauzo lake likakhala loipa kapena lopembedza china. Ndipo 33:5 ikulamula kuti anthu aziitanidwa ndi mayina a abambo awo. Koma lero munthu amapatsidwa dzina latsopano asanadziwe nkomwe Al-Fatiha, sura yowerengedwa pa swala iliyonse, achibale nkuona ngati mwana wawo walandidwa.

Pa zimene zilidi haramu, mayi wathu Aisha, mkazi wa Mtumiki, ananena kuti chikanakhala kuti choyamba kutsika chinali lamulo losiya mowa, anthu akanati sitisiya mpaka kalekale. Zinayamba kutsika ndi nkhani za Jannah ndi Moto, mitima itakhazikika ndi pamene malamulo anabwera. Ngakhale za mdulidwe, olemba mbiri amasimba kuti nduna ya ku Khurasan itafuna kuyesa olowa kumene poona ngati adulidwa, Khalifa Umar ibn Abd al-Aziz anakana, nati Allah anatuma Muhammad kudzaitana anthu, osati kudzawadula.

Mwerengi_Wausiku
Pa zosiya zinthu, ganizirani za ku Papua New Guinea, dziko la zilankhulo zoposa 800. Ambiri olowa Chisilamu kumeneko ndi a kumapiri, makamaka chigawo cha Simbu. Kumapiriko nkhumba si ndiwo chabe. Ndi chuma cha banja, ndi chimene amapereka pokwatira, ndiponso chimene amalipira pothetsa mkangano pakati pa mafuko. Munthu akasiya nkhumba, funso silikhala loti adya chiyani, koma loti mbale wake akamakwatira kapena fuko likamalipira mlandu, iye aperekapo chiyani kuti asaoneke ngati wadzipatula. Yankho lake silingachokere kwa mlendo wa masiku awiri. Pafunika wina wokhala pansi ndi akuluakulu a fukolo mpaka atagwirizana chimene chingalowe m'malo mwake.

Funso_Limodzi
Ine si Msilamu, ndili pagulu pano chifukwa cha anzanga, ndiye mundikhululukire ndikalakwitsa. M'makanema amene a Dzanja_Lamanja akunenawo, kumbuyo kumaoneka matumba a chakudya ndi zovala. Munthu wanjala mukamuuza kuti nena mawu awa, thumba lili apo, akana? Kumeneko si kugula anthu?

Abu_Sumayya
Si kugula. Qur'an 9:60 yatchula magulu 8 oyenera kulandira zakaat, ndipo limodzi ndi la amene mitima yawo ikukokedwa kuti ikhazikike. Itatha nkhondo ya Hunayn Mtumiki anapatsa Safwan ibn Umayya ngamila zambirimbiri asanalowe nkomwe. Safwan yekha ananena kuti Mtumiki anali munthu amene ankamuda koposa, koma anapitiriza kumupatsa mpaka anakhala amene ankamukonda koposa.

Mwalimu_Wakale
Ayah imeneyo ilipo ndithu, koma funso la mlendo wathu lisathawidwe. Safwan anali mkulu wolemera wa Aquraish a ku Makka, sanali wanjala. Anapatsidwa popanda kuuzidwa kuti anene kaye shahada, ndipo anali atapatsidwa nthawi yoti aganize. Kumeneko nkosiyana ndi kuimika anthu osowa pamzere, thumba kutsogolo. Komanso m'nthawi ya Khalifa Abu Bakr, Umar ibn al-Khattab anakana kupitiriza kupatsa akuluakulu ena monga Uyayna ibn Hisn ndi al-Aqra ibn Habis, nati Chisilamu chalimba tsopano. Nchifukwa chake ma ulama otsatira kamvedwe ka Hanafi amati gawo limeneli linatha, pamene a Shafi'i amati likadalipo kwa Asilamu olowa kumene amene chikhulupiriro chawo sichinakhazikike. Ine ndili kumbali yoti lilipo, ndipo malo ake enieni ndi munthu ngati a Wolowa_Kumene, amene wataya thandizo la achibale chifukwa cholowa.

Koma chakudya cha njala, mjigo ndi mankhwala ziperekedwe kwa mudzi wonse, wolowa ndi wosalowa, ndipo tsiku logawa lisakhale tsiku la shahada. Qur'an 2:256 ikuti palibe kukakamiza m'chipembedzo. Njala nayo imakakamiza.

Funso_Limodzi
Zikomo bambo, mwandiyankha mosabisa.

Mwerengi_Wausiku
Ndipo pali kukakamiza kwina kosaoneka ndi maso. Ku Indonesia boma limazindikira zipembedzo 6, ndipo mpaka pamene khoti la malamulo a dziko linagamula mu 2017, otsatira zikhulupiriro za makolo sankatha kulembetsa chikhulupiriro chawo pa chiphaso cha unzika. A Orang Rimba a ku Jambi, pa chilumba cha Sumatra, nkhalango yawo yambiri inagwetsedwa nkudzalapo migwalangwa ya mafuta. Ena mwa iwo amene analowa Chisilamu ananena poyera kuti chinawakoka ndi chiphaso, kuti ana apite kusukulu ndi kuchipatala.

Ku Malaysia, kumene a Orang Asli, eni dziko oyambirira, ali m'magulu 18, nkhani zina zinafika kukhoti. Mu 2022 anthu 137 a mtundu wa Bateq ku Pahang anakasuma, akunena kuti kulowetsedwa kwa mudzi wawo mu 1993 kunachitika mowaopseza komanso asakumvetsa. M'dziko limenelo ukalembedwa kuti ndiwe Msilamu kutuluka nkovuta kwambiri mwalamulo, ndipo ana ako amalembedwa chimodzimodzi. Sindikunena kuti ntchito yonse ya kumeneko ndi yotero. Bungwe la PERKIM, limene Tunku Abdul Rahman anayambitsa mu 1960, lakhala likusamalira olowa kumene kwa zaka zambiri, ndipo Dewan Dakwah ya ku Indonesia, imene Mohammad Natsir anayambitsa mu 1967, imatumiza aphunzitsi kukakhala kumidzi ya mkati ndi ku zilumba zakutali. Koma shahada ya munthu amene sanamve zimene akunena isatisangalatse.

Bilali_Wamng'ono
Abale, ndinamva kuti Chisilamu chinafika kwa Aaborijini a ku Australia Angerezi asanakhazikike. Nzoona?

Mwerengi_Wausiku
Amalinyero Achisilamu a ku Makassar ankapita chaka ndi chaka ku gombe la kumpoto, ku Arnhem Land, kukatola kanyama ka m'nyanja kotchedwa trepang, kuyambira m'zaka za m'ma 1700 mpaka 1907. Ankachita malonda ndi a Yolngu, Aaborijini a kumeneko, ena anakwatirana nawo, ndipo mawu awo ena anatsalira m'chilankhulo cha kumeneko. Kenako kuyambira m'ma 1860 kunabwera oyendetsa ngamila amene ankatchedwa Afghan, ena nkukwatira akazi Achiaborijini. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero.

Bilali_Wamng'ono
Ngamila ku Australia? Zinakathera kuti?

Mwerengi_Wausiku
Sitima ndi magalimoto zitabwera anazimasula, ndipo zinaswana m'chipululu. Pano zilipo zambiri zam'tchire.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za ngamila titsegulire nkhani yake payokha. Tibwerere ku funso la a Dzanja_Lamanja.

Mlendo_Panjira
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinatumidwapo ndi bungwe lina kukaphunzitsa kumudzi wa anthu a mtundu wina, chilankhulo china, kutali ndi msewu. Ndifotokoze zimene ndinaona.

Mzikiti ndinaupeza utamangidwa kale, wokongola kuposa nyumba iliyonse pamudzipo, koma wokhoma. Makiyi anali ndi munthu amene samadziwa kuti adhana imachitika nthawi yanji. Pa mndandanda umene ndinapatsidwa panali mayina ambiri, koma nditayamba kuyenda m'makomo ndinapeza kuti ena ankaganiza kuti analembetsa thandizo. Sindinawakalipire, sanalakwe kanthu.

Miyezi yoyamba ine ndi amene ndinali wophunzira. Ndinkapita nawo kuntchito zawo, kukhala nawo pamaliro ngakhale a osalowa, ndi kuphunzira chilankhulo kwa ana, poti ana satopa kukubwerezera mawu. Qur'an 14:4 ikuti mtumiki aliyense anatumidwa m'chilankhulo cha anthu ake, ndipo ndinaona chifukwa chake. Pamene ndinkadalira womasulira anthu ankangogwedeza mutu. Nditayamba kulankhula ndekha, ngakhale mopotoza, mafunso enieni anatuluka. Mayi wina wachikulire anandifunsa ngati makolo ake amene anamwalira osamva uthengawu ali ku Moto. Ndinamuwerengera 17:15, pamene Allah akuti salanga asanatumize mtumiki. Mnyamata wina anafunsa ngati ayenera kusiya kudya ndi mayi ake. Ndinamuuza za Asma bint Abi Bakr, amene Mtumiki anamulamula kusunga ubale ndi mayi ake osakhulupirira. Mafunso otere sali m'kabuku kophunzitsa wudhu, kusamba kokonzekera swala.

Amene anakhazikika anali ochepa poyerekeza ndi mndandanda uja. Ndinaika mphamvu zanga pa amuna awiri akuluakulu ndi mayi mmodzi, kuti adziwe kuswalitsa, kusambitsa maliro, kumangitsa nikah (ukwati) ndi kuzinga nyama. Kenako malipiro anga anaima. Opereka ankakonda kumanga ndi kukumba mijigo, zinthu zojambulika, koma ndalama ya mwezi ndi mwezi ya mphunzitsi inalibe woikonda. Ndili ndi banja, ndinachoka. Ndimamva kuti Jumu'ah ikuswalidwabe, woswalitsa ndi mmodzi wa akuluakulu aja.

Ukhti_Nuru
Allah akulipireni achimwene. Walira mvula walira matope. Tikufuna olowa, tivomerenso kudyetsa mphunzitsi ndi banja lake kwa zaka.

Abu_Sumayya
Pamenepo ndikuvomereza. Koma njira yachidule ilipo. Tengani ana awo ang'onoang'ono mukawaike ku madrasa zogonera konko kumizinda, akule ndi Qur'an, adzabwerere ali mashehe. Akuluakulu kusintha nkovuta.

Mwerengi_Wausiku
Achimwene, pamenepo tisamale kwambiri. Mitundu imeneyi ili ndi bala pa nkhani ya ana. Ku Canada ana a eni dziko ankachotsedwa kwa makolo nkuikidwa m'sukulu zogonera zoyendetsedwa ndi mipingo, kumene ankaletsedwa kulankhula zilankhulo zawo. Ku Australia ana Achiaborijini ankalandidwanso. Maboma onse awiri anapepesa mu 2008. Ife tikabwera ndi njira yofanana, ngakhale cholinga chili chabwino, iwo adzaona chinthu chomwe chija.

Mlendo_Panjira
Ndipo mwana wochoka ali wamng'ono amabwerera ataiwala chilankhulo, ntchito za kwawo sazidziwa, akulu samumvera. Ambiri sabwerera nkomwe, amakhazikika kutauni. Qur'an 9:122 ikukamba za kagulu kochokera m'gulu lililonse kokaphunzira chipembedzo kuti kadzachenjeze anthu ake kakabwerera. Kubwererako ndiye cholinga. Ine ndingasankhe wachikulire amene ali ndi banja pamudzipo, apite miyezi yochepa, abwere, adzapitenso. Ana aphunzire ali kwa amayi awo, ndipo akakula asankhe okha kupita patsogolo makolo atavomera.

Abu_Sumayya
Koma wophunzira miyezi yochepa sangakhale aalim, wodziwa chipembedzo mozama. Adzaphunzitsa zolakwika.

Mwalimu_Wakale
Malik ibn al-Huwayrith anaphunzira masiku 20. Aphunzitse zimene akudziwa, zimene sakudziwa afunse. Chofunika nchakuti pakhale shehe wodziwa amene amawayendera nthawi ndi nthawi ndiponso amayankha foni. Vuto lina limene ndaliona ndi loti magulu athu amatsatana kumudzi umodzi, lina kudzanena kuti manja aikidwe apa poswali, lina kuti mawlid (kukumbukira kubadwa kwa Mtumiki) ndi bid'ah (chopeka m'chipembedzo), kwa anthu oti Al-Fatiha sanaimalize. Mikangano yathu tiziisiya kunyumba.

Wolowa_Kumene
Zimenezo zinandisokoneza kwambiri ine chaka choyamba. Aliyense ankandikonza, ondiitana kukadya kwawo anali ochepa.

Funso_Limodzi
Ndifunsenso kamodzi. Anthu amenewa vuto lawo lalikulu nthawi zambiri ndi malo. Nkhalango zikugwetsedwa, migodi ikulowa. Aphunzitsi anu amayankhulapo?

Mlendo_Panjira
Ochepa, ndipo ndi cholakwa. Ukamuuza munthu kuti ndiwe m'bale wanga, malo ake akulandidwa iwe uli chete, ubalewo sauona. Kumene ndinali ine, tsiku limene ndinaperekeza akuluakulu kukadandaula za malire a malo awo ndi limene ngakhale osalowa anayamba kundipatsa moni ndi dzina.

Dzanja_Lamanja
Jazakumullahu khairan nonse. Kupereka sindisiya, koma ndalembera bungwe limene ndimatumizako. Ndawafunsa ngati kumidzi ya m'makanema awo kuli mphunzitsi wogonera komweko, ngati amalankhula chilankhulo cha anthuwo, komanso ngati thandizo limafika kwa osalowa. Ndawauzanso kuti gawo langa lizipita ku malipiro a mphunzitsi mwezi ndi mwezi. Akayankha ndidzaika yankho lawo pano. Alipo angafune kuti tisonkherane mphunzitsi mmodzi kwa zaka zingapo?

Abu_Sumayya
Ndilembeni. Koma maulendo opita kumene uthenga sunafike asaime.

Ukhti_Nuru
Inenso ndilembeni. Ndipo muwafunsenso ngati mphunzitsiyo apite ndi mkazi wake, komanso ngati mkaziyo adzalandire malipiro akeake pophunzitsa amayi.